Buzzer yanga ikungolira liwu limodzi ngakhale ndipotokole kanobu mpaka kumapeto

Kamwaya: Moni nonse akuluakulu. Ndayamba kumene kuseweretsa Arduino Uno, kabolodi kamene umakalembera khodi kuti kaziyendetsa zida zamagetsi, ndipo ndakakamira pa kanthu kooneka kophweka. Ndili ndi buzzer (kachipangizo kolira) yakuda ya miyendo iwiri pa pini 8, ndi potentiometer (kanobu kopotokola) ya 10k pa pini A0. Ndikufuna kuti ndikamapotokola kanobu, liwu lizikwera ndi kutsika ngati sailini. Koma ndikangobaya chingwe cha USB kanthuka kakungolira kuti piii, liwu lomwelo, mwina kusasa pang'ono ngati kagwidwa chimfine. Ndipotokole kumanja, ndipotokole kumanzere, chimodzimodzi. M'kati mwa loop ndalembamo izi:

int nambala = analogRead(A0);
int liwu = nambala * 3000 / 1023;
tone(8, liwu);

Ndakhala pamenepa chiyambire dzulo madzulo, anthu a m'nyumba muno atopa nane. Ndalakwitsa pati?

NaResistor: Achimwene, yambani mwazula buzzer-yo muiike pambali, makutu a anthu apume. Potentiometer silankhula ndi buzzer ayi. Imangouza Arduino nambala, ndipo Arduino ndi imene imauza buzzer chochita. Ndiye choyamba tidziwe ngati nambalayo ikufika n'komwe. Mu setup ikanimo Serial.begin(9600); ndipo mu loop Serial.println(nambala), kenako tsegulani Serial Monitor, kazenera ka pa kompyuta koonetsa zimene Arduino ikutumiza. Potokolani pang'onopang'ono kuchoka mbali imodzi kufika mbali inayo, mutiuze zimene zikutuluka.

Kamwaya: Ndachita achemwali. Kukubwera 312, 340, 298, 355, 301, kumangodumphadumpha pamenepo. Kanobu sikakusintha kalikonse. Chodabwitsa n'chakuti ndikayandikiza dzanja pa mawaya manambala akukwera, ndikachotsa akutsika. Bolodi yanga yafa kodi?

Agogo a Solda: Sinafe, mdzukulu wanga, ili moyo kwambiri. Zimene mukuonazo ndi pini yolenjekeka m'malere. A0 ikapanda kugwira 5V, kapena GND (mbali ya mainasi, ya 0V), kapena china chili pakati pa ziwirizo, imasanduka kamlongoti, n'kumatola timagetsi tongoyendayenda m'chipinda ndi m'thupi mwanu momwe. N'chifukwa chake ikumvera dzanja lanu osamvera kanobu.

Potentiometer ili ndi miyendo itatu. Iwiri ya m'mphepete ndi nsonga za kanjira ka makala kamene kali m'katimo, ka ma ohm 10,000. Wapakati ndi kachitsulo kamene kamatsetsereka pa kanjirako mukamapotokola. Wa m'mphepete umodzi upite ku 5V, winawo ku GND, wapakati ku A0. Ikatero, mwendo wapakati umatapa volteji ya pamalo pamene waima: pafupi ndi GND ndi 0, pafupi ndi 5V ndi 5, pakatikati 2.5. Mukasinthanitsa iwiri ya m'mphepete palibe chopsa, kanobu kamangogwira chobwerera. Koma wapakatiwo musaupititse ku 5V pamene wa m'mphepete uli ku GND, chifukwa mukapotokola mpaka kumapeto mudzakhala mwakumanitsa 5V ndi GND popanda chotchinga.

Ndipo tandiuzani, breadboard yanuyo, kabolodi ka mabowo kamene mukubayapo mawaya, ndi yaitali ija? Yang'anitsitsani mizere ya m'mbali, wofiira ndi wabuluu. Pa ena aatali, mizereyo imaduka pakati.

Kamwaya: Agogo, mwandiona ngati muli m'chipinda muno kkkk. Mzere wofiira uli ndi kampata pakati, wabuluunso chimodzimodzi. Mawaya ochokera ku Arduino ndinawabaya kumtunda, potentiometer ili kumunsi. Ndalumphitsa timawaya tiwiri pakampatapo. Tsopano ndikuona 0 kumanzere, 1023 kumanja, pakati cha m'ma 510. Ndabwezera buzzer. Koma liwu likadali lija, kungoti tsopano ndikapotokola likuchita ngati likutsamwa, kenako kubwereranso.

Aphunzitsi a Fizikisi: Theka la ntchito latha. Manambala a 0 mpaka 1023 akuchokera poti kachipangizo koyeza volteji m'kati mwa ATmega328P, tchipi ya pa Uno, ndi ka 10 bit, ndiye kamagawa 5V m'masitepe 1024, sitepe iliyonse pafupifupi 4.9 mV.

Tsopano tiyeni ku mzere wanu wachiwiri, chifukwa muli msampha umene umakola aliyense. Pa Uno, int ndi ya 16 bit, ndipo nambala yaikulu imene ingasunge ndi 32,767. Inu mwalemba nambala * 3000 / 1023. Tchipi imayamba kuchulukitsa isanagawe. Nambala ikakhala 10, zotsatira ndi 30,000, zikukwana. Ikangofika 11, ndi 33,000, chidebe chasefukira, ndipo chimene chimatsala ndi nambala ina yosagwirizana ndi zimene mumafuna, nthawi zina yotsika kupitirira 0. Taganizani: chilichonse chimene chingakhale mu int, mukachigawa ndi 1023, sichingapose 32. Ndiye pa ulendo wonse wa kanobu mwakhala mukutumiza ku tone manambala a pakati pa -32 ndi 32, pamene inu mumayesa kuti mukutumiza mpaka 3000. Pa Uno, tone siyitsika kuposa 31 Hz, kutanthauza kugwedezeka ka 31 pa sekondi. Ndipo manambala otsika kupitirira 0 aja imawawerenga ngati 65,000 ndi kanthu, zimene khutu la munthu silingamve, poti ife timathera cha pa 20,000 Hz.

Lembani chonchi m'malo mwake:

int liwu = map(nambala, 0, 1023, 100, 3200);

map imawerengera m'kati ndi long ya 32 bit, ndiye sisefukira. Ndayambira pa 100 dala kuti tisagwere pansi pa malire a tone. Muisindikizenso liwu pa Serial Monitor, muone ndi maso anu kuti ikuyenda 100 mpaka 3200.

Kamwaya: Zikomo aphunzitsi, izi sindikanazitulukira ndekha. Manambala a liwu akuyenda bwino, 100 mpaka 3200. Koma mundikhululukire, buzzer-yo ikanali pa piii wake uja. Kusintha kulipo, koma si kukwera kapena kutsika. Zili ngati munthu akuimba liwu limodzi wina akumugwedeza pakhosi, kumanzere mwapang'onopang'ono, kumanja mothamanga mpaka kusasa.

Chiphokoso: Amwene, imeneyo ndi active buzzer, musavutike. Pamwamba pake pali kapepala komata? Pansi pake ndi pomatidwa ndi phula lakuda? Mwendo wina ndi wautali? Ngati zili choncho ndi active basi. Passive pansi pake pamaoneka kabolodi kobiriwira.

Agogo a Solda: A Chiphokoso akunena zoona pa matendawo, koma zizindikirozo musazikhulupirire kotheratu. Ndinagwirapo passive zomatidwa pansi, ndi active zimene kapepala kanachoka kalekale. Chosanama ndi batire. Tengani mabatire awiri a AA, a 3V onse pamodzi, mugunditse miyendo ya buzzer, pulasi ku pulasi. Ikalira mosalekeza, ndi active. Ikangoti tha! kamodzi mukagunditsa, ndi tha! wina mukachotsa, ndi passive. Ingogunditsani, musagwiritse nthawi yaitali.

Kusiyana kwake n'kwakuti active ili ndi kadera kake m'kati kopanga kunjenjemera, kanakhazikitsidwa kale ku fakitale, kawirikawiri pakati pa 2000 ndi 3000 Hz. Mukaipatsa magetsi imaimba nyimbo yake yomweyo. Chimene tone ikuchita pa inu ndi kungoiyatsa ndi kuizimitsa kambirimbiri pa sekondi, n'chifukwa mukumva ngati ikugwedezedwa pakhosi. Passive ilibe nyimbo yakeyake. Pini ikakwera ndi kutsika ka 440 pa sekondi, kachitsulo kake kamagwedezeka ka 440, inu n'kumva liwu la 440 Hz.

Kapepala kaja, poti ena amayesa ndi chokongoletsa, ndi kotseka bowo kuti madzi asalowe pamene bolodi ikutsukidwa ku fakitale akatha kuwotcherera. Mutha kukachotsa, koma ndikuchenjezeni, phokoso lidzawirikiza.

Kamwaya: Yalira mosalekeza pa batire. Ndi active. Ndiye masiku awiri onsewa ndimakakamiza chinthu chosatheka.

NaResistor: Safunsa anadya phula, inu mwafunsa. Komanso musaitaye, ili ndi ntchito yake. Simungasinthe liwu lake, koma mungasinthe kathamangidwe ka kulira kwake, monga zimachitira zochenjeza galimoto ikamabwerera m'mbuyo: pii … pii … pii, kenako pipipipi ikayandikira khoma. Apo tone siyofunika n'komwe, digitalWrite yokha ikwana. Kanobu kazipereka nthawi yodikira, tinene 50 mpaka 1000 ms.

Kungoti mukagwiritsa delay, mudzaona kuti kanobu kakuchedwa kumvera. Delay ya sekondi yathunthu ikayamba, Arduino imaima osawerenga kalikonse mpaka ithe. Njira yabwino ndi millis: sungani nthawi imene munasinthira komaliza mu unsigned long yotchedwa kale, ndipo ulendo uliwonse wa loop muzifunsa ngati millis() - kale yaposa nthawi yodikira. Ikaposa, tembenuzani pini, sungani nthawi yatsopano. Loop imapitiriza kuthamanga, kanobu n'kumamveka pompopompo.

Kamwaya: Zimenezo ndiyesa tsiku lina achemwali, ndazikonda. Koma ndafufuza m'kabokosi ka zida ndapezamo ina yofupikirapo, pansi pake pali kabolodi kobiriwira. Pa batire ikungoti tha. Ndiibaye pa pini 8?

Agogo a Solda: Dikirani! Muli ndi multimeter? Iikeni pa ma ohm muyeze miyendo iwiriyo musanabaye paliponse.

Kamwaya: Ikuwerenga 16.3.

Agogo a Solda: Mwaona chifukwa chimene ndakuimitsirani. Passive zilipo za mitundu iwiri, kunja zimafanana ngati mapasa. Ina ndi ya piezo, m'kati muli kambale kopyapyala kamene kamapindika kakalandira volteji. Imeneyo pa multimeter imaoneka ngati waya woduka, ndipo imadya karenti yochepa kwambiri. Inayo ndi ya maginito, m'kati muli koyilo ya waya wowonda ngati tsitsi imene imakoka kachitsulo. Yanuyo ndi imeneyi, ma ohm 16 amenewo ndi a koyilo.

Tawerengerani nokha: 5V kugawa ndi 16 ndi 0.31 A, kutanthauza 310 mA. Pini ya Uno inapangidwa kuti izipereka 20 mA, ndipo 40 mA ndiye malire oti mukapyola wopanga tchipi sakulonjezani kanthu. Pini singatulutse 310 yonseyo, koma imayesetsa mpaka kudzipweteka. Choipa n'chakuti zimagwira ntchito. Imalira bwinobwino, inu n'kumati zonse zili m'malo. Ine ndinachitapo zimenezi zaka zapitazo pa kachipangizo kochenjeza chitseko chikatseguka. Kanalira miyezi ingapo, kenako tsiku lina zii. Ndinasintha buzzer, ndinasintha mawaya, ndinalembanso khodi, osadziwa kuti pini ija inali itapsa kale, yangokakamira pa 0. Mpaka lero bolodiyo ndili nayo, ndinaika kadontho ka penti wofiira pa piniyo kuti ndisaiwale.

Njira yachidule: ikani resistor pakati pa pini ndi buzzer. Ya 220 ikupatsani 5 kugawa ndi 236, pafupifupi 21 mA, pamalire penipeni. Ya 330 ikupatsani cha m'ma 14 mA, mtima n'kukhala m'malo. Liwu lichepa, koma pa tebulo limveka.

Mukafuna liwu lamphamvu, transistor ya NPN. Pini 8 idutse pa resistor ya 1k kupita ku base, emitter ku GND, collector ku mwendo wa mainasi wa buzzer, mwendo wa pulasi ku 5V. Sankhani 2N2222 kapena S8050, chifukwa BC547 imathera pa 100 mA. Ikanibe karesistor ka 47 kapena 100 pamzere wa buzzer kuti koyilo isatenthe. Ndipo muike diode ya 1N4148 mopingasa miyendo ya buzzer, mbali ya kamzere iloze ku 5V. Koyilo ikadulidwa magetsi mwadzidzidzi imabweza volteji yokwera, diode ndi imene imameza kubwezako kuti kusakafike ku transistor.

Aphunzitsi a Fizikisi: Kuwonjezera pang'ono pa za piezo, poti ndi nkhani ya m'kalasi mwanga. Anaitulukira ndi abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, mu 1880. Anaona kuti miyala ina monga quartz ukaifinya imatulutsa volteji. Zimachitikanso chobwerera: ukaipatsa volteji imapindika. N'chifukwa chake kambale ka piezo komweko kangakhale cholira, kangakhalenso chomvera kugogoda mukakalumikiza ku pini ya analog.

Ndipo amene ali ndi Uno R4 ija inatuluka mu 2023 asamale kwambiri ndi zimene agogo anenazi. Tchipi yake ndi ina, ya Renesas, ndipo pini zake ndi za 8 mA basi. Maonekedwe a bolodi ndi omwewo, koma mphamvu ya pini si yomweyo.

Kamwaya: Yanga ndi R3. Ndaika ya 330, transistor ndilibe pakadali pano. Abale, YALIRA! Ikukwera, ikutsika, sailini yeniyeni. Ndapotokola mwina ka 50 ngati mwana.

Koma walira mvula walira matope, ndabwera ndi madandaulo ena awiri. Choyamba, ndikasiya kanobu osakakhudza, makamaka kumunsi, liwu silikhazikika, likunjenjemera ndiponso muli kuthetheka. Chachiwiri, mawu onse otsika apanikizana pa kachigawo kakang'ono kumayambiriro. Ndikangosuntha pang'ono ndafika kale pa mawu okwera, ndipo theka lonse lotsala likumveka pafupifupi chimodzimodzi, kuswa makutu kokhakokha.

NaResistor: Loyambalo ndi langa. Siyani kanobu muyang'ane Serial Monitor, kapena Serial Plotter kuti muone ngati mzere. Muona nambala ikuvina, 14, 15, 14, 16, 15. Zimenezo n'zachibadwa, palibe choyezera chimene chimaima nji. Koma map yanu ikupereka pafupifupi 3 Hz pa sitepe iliyonse. Pa 3000 Hz, kusuntha kwa 3 Hz palibe angakumve. Pa 100 Hz, 3 Hz yomweyo ndi 3 pa 100 alionse, khutu limagwira msanga. N'chifukwa chake kunjenjemerako kuli kumunsi.

Kuthethekako kukuchokera poti mukuitana tone ulendo uliwonse wa loop, kambirimbiri pa sekondi, ndipo nthawi iliyonse imakonzanso timer yake, kowerengera nthawi ka mu tchipi, funde lisanathe bwino. Muziitana pokhapokha nambala yasinthadi:

if (abs(nambala - yakale) > 3) {
  yakale = nambala;
  tone(8, liwu);
}

tone mukaiitana kamodzi imapitiriza yokha kumbuyo mpaka mutaiuza noTone, sifuna kukumbutsidwa.

Zikapitirira, werengani ka 16 muphatikize n'kugawa ndi 16. Kuwerenga kumodzi kumatenga pafupifupi 100 microseconds, ndiye ka 16 sikufika ngakhale 2 ms. Ndipo poti aphunzitsi atiphunzitsa za chidebe chosefukira: 16 kuchulukitsa 1023 ndi 16,368, zikwana mu int. Ka 32 ndi 32,736, kukwana mopanikiza. Ka 33 mwagwanso m'dzenje lomwe lija. Capacitor ya 100 nF pakati pa mwendo wapakati ndi GND imathandizanso, makamaka mawaya akakhala aatali.

Agogo a Solda: Ndipo GND ya buzzer ndi GND ya potentiometer zisayende pa kawaya kamodzi kolobodoka. Buzzer ikamakoka karenti imagwedeza GND, potentiometer n'kumanena zabodza. Uno ili ndi mabowo atatu a GND, agwiritseni ntchito.

Wa Kiyibodi: Dandaulo lachiwirilo mundisiyire ine, za mawaya sindidziwa zambiri koma za makutu ndiye kwathu. Khutu silimva Hz mowonjezera, limamva mochulukitsa. Kuchoka pa 100 kufika 200 ndi octave imodzi, kuchoka do kukafika do wapamwamba. Kuchoka 200 kufika 400 ndi octave inanso. 400 kufika 800, 800 kufika 1600, 1600 kufika 3200. Ndiye 100 mpaka 3200 ndi ma octave asanu, ndipo kwa khutu onsewo ndi otalika mofanana.

Tsono taonani zimene map ikuchita. Ikugawa ma Hz mofanana pa ulendo wa kanobu. Mukafika pakati penipeni muli pa 1650 Hz. Ndiye kuti ma octave anayi athera m'theka loyamba, ndipo theka lonse lachiwiri ndi la octave imodzi yokha yomaliza. Octave yoyamba, 100 mpaka 200, yapatsidwa masitepe 33 okha mwa 1024. Potentiometer imazungulira madigiri osafika 300, ndiye octave yonseyo ili m'madigiri osakwana 10. Chala chanu sichingaime pamenepo.

Mankhwala ake ndi kuuza Arduino kuti iziwerenga monga khutu:

int liwu = 100 * pow(2, nambala / 1023.0 * 5);

Nambala ikakhala 0, 2 kukwezedwa ku 0 ndi 1, liwu ndi 100. Ikakhala 1023, 2 kukwezedwa ku 5 ndi 32, liwu ndi 3200. Malekezero ndi omwe aja, koma tsopano gawo lililonse mwa magawo asanu a kanobu ndi octave imodzi. Pakatikati mukhala cha pa 566 Hz, osati 1650.

Aphunzitsi a Fizikisi: Mwafotokoza bwino kuposa mmene ndikanachitira. A Kamwaya, kadontho ka mu 1023.0 musakaiwale. Mukalemba 1023 chabe, tchipi igawa ngati manambala athunthu, 500 kugawa 1023 ikhala 0, 1022 kugawa 1023 ikhala 0, ndipo mudzamva 100 Hz ulendo wonse kenako 3200 kumapeto kwenikweni.

Chiphokoso: Kapena angopeza potentiometer ya A10K m'malo mwa B10K wamba ya mzere wowongoka, masamu onsewa osafunika. Za A zija zinapangidwira makutu, n'zimene zimakhala pa voliyumu ya wailesi.

Wa Kiyibodi: Zingathandize ndithu, koma za A zambiri sizitsata mzere wokhota weniweni, zimangoyerekeza ndi tizidutswa tiwiri towongoka, ndiye pamakhala malo pamene liwu limathamanga mwadzidzidzi. Ine ndingasunge B, kukhotako ndichite mu khodi, poti mu khodi ndingasinthe mawa popanda kuzula kanthu.

Ndipo amwene, mukatopa ndi sailini yesani izi. M'malo moti liwu lizitsetsereka, ligaweni m'manotsi asanu ndi atatu: 262, 294, 330, 349, 392, 440, 494, 523. Ameneyo ndi do re mi fa so la ti do kuyambira pa C wapakati, 440 uja ndi A amene zoimbira zimatchunidwira. Aikeni mu array, ndipo posankha lembani nambala / 128, ikupatsani 0 mpaka 7 mogawana bwino. Musagwiritse map(nambala, 0, 1023, 0, 7) pamenepa. Ine inandipusitsa: 7 imatuluka pokhapokha nambala ili 1023 ndendende, ndiye do womaliza ndinkamupeza ndikakanikiza kanobu kukhoma basi. Ubwino wina wa manotsi ndi wakuti kuvina kwa nambala kuja sikumvekanso, pokhapokha mutaima pamalire a manotsi awiri.

Kamwaya: Ndaika pow ija limodzi ndi if ya achemwali. Kusiyana kwake ngati usiku ndi usana, liwu likukwera mofatsa kuyambira pansi mpaka pamwamba. Koma ndaona kuti kumunsi n'lofooka, ndipo likafika cha m'ma 2000 ndi kupitirira pang'ono likukuwa kwambiri ngakhale sindinasinthe resistor. Kodi voliyumu ingathekenso kuiwongolera?

Chiphokoso: Zosavuta. analogWrite(9, nambala / 4). Basi, 0 ndi chete, 255 ndi mapeto a phokoso. Ngati mmene timachitira ndi LED.

NaResistor: Ayi a Chiphokoso, pamenepo ndikutsutsani. Munayesapo? LED imawala ndi kuchuluka kwa karenti, koma buzzer imalira ndi kusinthasintha. Pa 0 pini yangokhala pansi, chete. Pa 255 pini yangokhala pamwamba, palibe chikugwedezeka, chetenso, ndipo koyilo ikungotentha chabe. Phokoso lalikulu lili pakati, cha pa 127. Ndiye kanobu kanu kakweza liwu mpaka pakati kenako n'kulitsitsanso. Kuwonjezera apo, liwu lake likhala limodzi, 490 Hz pa pini 9, kapena pafupifupi 980 pa pini 5 ndi 6. Mwapeza voliyumu yokhota, mwataya kukwera ndi kutsika kumene munthuyu wavutikira masiku awiri.

Chiphokoso: Ndayesa pompano. Chabwino, mwawina achemwali kkkk. Pa 255 yangoti zii. Koma mukaimitsa pa 127, kuchoka 0 kufika pamenepo voliyumu ikusinthadi.

NaResistor: Pamenepo tagwirizana. Kungoti tone ndi analogWrite sizingagawane pini imodzi, ndipo tone nthawi zonse imatulutsa theka pamwamba theka pansi, ilibe pochepetsera.

Agogo a Solda: Musavutitse khodi pa chinthu chimene waya angachite. Potentiometer yachiwiri ya 1k pamzere wa buzzer, mwendo wapakati ndi umodzi wa m'mphepete, resistor ya 330 ija ikhalebe pomwepo kuti mukapotokola mpaka 0 pini isatsale yokha ndi koyilo. Imodzi ya liwu, ina ya voliyumu. Kapena, njira ya ife okalamba, kachidutswa ka tepi pabowo.

Za kukuwa pa 2000 ndi kanthu, si vuto la khodi. Kachitsulo ndi kachibowo ka m'kati zili ndi liwu limene zimagwedezeka nalo mosavuta, ndipo opanga amaliika dala pamenepo chifukwa khutu la munthu limamva kwambiri pakati pa 2000 ndi 5000 Hz. Buzzer inapangidwira kuchenjeza, osati kuimba besi. Kambale kochepa ngati batani la malaya sikangakankhe mpweya wokwanira pa 100 Hz. Mukafuna mawu otsika omveka, pezani kasipika ka 8 ohm, koma kameneko ndiye pa transistor basi, osayerekeza kukabaya pa pini.

Mlendo32: Pepani kulowerera, ndakhala ndikutsatira mwakachetechete. Ine ndili ndi bolodi ina, ESP32. Zonsezi ndingokopera?

Aphunzitsi a Fizikisi: Maganizo ake ndi omwewo, manambala ndi ena. ESP32 ndi ya 3.3V, ndiye mwendo wa potentiometer upite ku 3V3, osati ku 5V, mungawononge pini. Choyezera chake ndi cha 12 bit, manambala ndi 0 mpaka 4095, ndiye paliponse pamene talemba 1023 muikepo 4095, ndipo 128 wa manotsi uja akhale 512. Ngati mudzayatse WiFi, potentiometer ikhale pa mapini a ADC1, GPIO32 mpaka 39, chifukwa a ADC2 sawerengeka WiFi ikamagwira ntchito. Kumalekezero onse awiri mudzaona kachigawo kakufa kumene nambala sisuntha, ndi khalidwe la tchipiyo. Vuto la int kusefukira pa 32,767 kumeneko kulibe, int yake ndi ya 32 bit.

Wa Raspberry Pi Pico ndi MicroPython, potentiometer ipite pa GP26, 27 kapena 28, ndipo read_u16 imapereka 0 mpaka 65535. Koma Raspberry Pi ija ya kompyuta ilibe choyezera analog n'komwe, imafuna tchipi yapadera monga MCP3008.

Mlendo32: Zikomo aphunzitsi, ndikanaibaya pa 5V usiku uno.

Kamwaya: Ndabweranso. Ndawonjezera kuti nambala ikatsika pansi pa 10 iziitana noTone(8), ndiye kanobu kakafika kumanzere kwenikweni kukumakhala bata ngati wailesi yozimitsa. A m'nyumba ayamikira kwambiri mbali imeneyi kuposa zonse. Manotsi a Wa Kiyibodi ndayesanso, ndaimbako do re mi ndi chala chimodzi, movutikira koma zikumveka.

Kenako ndinati ndikometsere, ndaika LED pa pini 11 ndi analogWrite kuti iziwala kwambiri liwu likamakwera. Buzzer ikakhala chete LED imamvera, koma ikangoyamba kulira LED ikuchita zakezake. Ndayang'ana manambala pa Serial Monitor ndisanabwere kuno, ali bwinobwino.

NaResistor: Mwayamba kuyang'ana manambala musanafunse, mwakula achimwene. Khodi yanu ilibe vuto. Uno ili ndi ma timer atatu. Timer0 ndi ya millis ndi delay, ndiponso PWM (kuyatsa ndi kuzimitsa kothamanga kumene analogWrite imachita) ya pini 5 ndi 6. Timer1 ndi ya pini 9 ndi 10. Timer2 ndi ya pini 3 ndi 11, ndipo tone imabwereka Timer2 yomweyo, buzzer ikhale pa pini iliyonse. Ndiye buzzer ikamalira, PWM ya pa 3 ndi 11 imasokonekera. Samutsirani LED pa 9 kapena 10. Mukadzawonjezera servo tsiku lina mudzakumbukire kuti library yake imatenga Timer1, pamenepo LED idzasamukirenso pa 5 kapena 6.

Kamwaya: Ndaisamutsira pa 9, ikuwala motsatira liwu. Active ija ndaibwezera kapepala kake, ndailemba A ndi penti pambali kuti isadzandipusitsenso. Agogo, 2N2222 ndikaipeza ndidzafunsa kuti mwendo wa base ndi uti, poti ndaona pa zithunzi kuti miyendo yake siyifanana ndi ya BC547.

Agogo a Solda: Siyifananadi. Pa zonse ziwiri za pulasitiki base ili pakati, koma emitter ndi collector zimasinthana mbali, ndipo ngakhale za dzina la 2222 zilipo zotembenuka malinga ndi zilembo za kutsogolo kwa nambala. Mukaigwira m'manja, werengani zonse zolembedwa pathupi pake mutilembere pano musanaibaye.